Mafunso Anu pa Malamulo: Apolisi, Belo ndi Khoti

Makalata a mwezi uno ambiri akukhudza milandu ya upandu, kuyambira pamene munthu wagwidwa mpaka pamene wagamulidwa. Tawafupikitsa ndipo mayina tachotsa. Malamulo amene tikutchula ndi a dziko la Malawi. Amene muli ku Zambia, ku Mozambique kapena ku Joni dziwani kuti kumeneko masiku ndi ndondomeko zake n'zina.

Mwana wanga wa zaka 24 anamugwira Lachisanu madzulo pomuganizira kuti anaba njinga yamoto. Ndikulemba Lachitatu, akadali m'chitokosi ndipo kukhoti sanapite naye. Akuti akufufuzabe. Kodi ndi mmene zimakhalira? — Mayi wa m'chigawo chapakati

Si mmene ziyenera kukhalira, mayi. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu amene wamangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Maolawo akathera nthawi imene khoti silikugwira ntchito, monga usiku, Loweruka, Lamulungu kapena tsiku la tchuthi, apite naye tsiku loyamba limene khoti latsegula. Tiwerengere limodzi: anamugwira Lachisanu madzulo, maola 48 anakwana Lamulungu madzulo, ndiye Lolemba anayenera kuima pamaso pa majisitireti. Kuchokera pamenepo akusungidwa mosemphana ndi lamulo.

Mawu akuti "tikufufuzabe" apolisi akawanene kukhoti. Ngati akufunadi nthawi ina, amutengere kwa majisitireti, afotokoze chifukwa, ndipo majisitiretiyo ndi amene aone ngati mwanayo apite pa rimandi kapena atuluke pa belo.

Lembani papepala tsiku ndi ola limene anamugwirira. Pemphani kuonana ndi mkulu wa polisiyo, mumukumbutse mwaulemu za maola 48. Zikakanika pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya. Loya angakapemphe khoti lalikulu kuti lilamule apolisi kubwera naye kapena kumumasula. Madandaulo okhudza khalidwe la apolisi amapita ku Independent Complaints Commission, ndipo Malawi Human Rights Commission nayo imalandira.

Chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi chimene simunafunse, sitetimenti. Muli ndi ufulu womuona mwana wanu, ndiye mukakamuona mumuuze kuti lamulo limamulola kukhala chete, ndipo asasayine kapena kudinda chala pa pepala limene sanaliwerenge, kapena limene sanamuwerengere m'chilankhulo chimene amamva. Gawo 176 la Criminal Procedure and Evidence Code, lamulo la kazengedwe ka milandu, limalola kuti sitetimenti yovomera mlandu iwerengedwe m'khoti ngakhale mwini wake akunena kuti anamukakamiza. Khoti limaiyesa pambuyo pake ngati ndi iye anainenadi ndiponso ngati zili m'menemo n'zoona, koma pofika apo pepalalo lalowa kale m'fayilo. Ngati anamenyedwa, anene kwa majisitireti tsiku loyamba lomwelo, aonetse mabala akadali aawisi, ndipo apemphe kupita kuchipatala kuti pakhale lipoti la dokotala.

Mlamu wanga ali m'chitokosi pa mlandu womenyana. Wina wa kupolisiko wati tipereke K60,000 kuti atuluke pa belo, ndipo ine ndimusayinire ngati mboni yake. Ndalamayi idzabwerera? Nanga ukasayinira munthu umadzimangirira chiyani? — Bambo wa kumwera

Belo ilipo ya mitundu iwiri, ndipo chisokonezo chonse chimayambira pamenepa. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Woganiziridwayo amasayina chikalata cholonjeza kuti adzaonekera pa tsiku limene amuuza, mboni yake imasayinanso, basi. Ndalama imene akupemphaniyo siidzabwerera chifukwa si ya belo, ndi chiphuphu, ndipo wopereka chiphuphu nayenso amakhala wapalamula. Musapereke. Kanenani kwa mkulu wa polisiyo kapena ku Anti-Corruption Bureau.

Belo ya kukhoti ndi imene nthawi zina imafuna ndalama. Khoti lingalamule kuti ndalama iperekedwe pompopompo ngati chikole, kapena kuti munthu angolonjeza kuti adzailipira akadzaphwanya malamulo a belo. Yoperekedwa pompopompo imalipidwa ku ofesi ya khoti, osati m'manja mwa munthu pakhonde, ndipo mumalandira lisiti ya boma. Lisitiyo isungeni ngati khadi ya banki. Mlandu ukatha, kaya munthuyo wapezeka wolakwa kaya ayi, ndalama imabwezedwa malinga ngati sanajombe kukhoti, ndipo popanda lisiti mudzavutika kuitenga.

Anthu ambiri amaganiza kuti belo ndi chifundo cha majisitireti. Malamulo aakulu amati womangidwa amasulidwe, pa belo kapena popanda belo, pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwe, ndipo ndi boma limene liyenera kuonetsa chifukwa chomusungira. Khoti limayang'ana ngati munthuyo angathawe, ngati angaopseze mboni kapena kuwononga umboni, ngati angavulaze wina, ndiponso ngati kutuluka kwake kungabutse chipolowe. Choncho wopempha belo asatayire nthawi kufotokoza kuti sanalakwe, nthawi ya zimenezo ikubwera. Anene kumene amakhala ndi zaka zimene wakhalako, ntchito kapena geni imene amachita, banja limene amalisamalira, ndi abale amene abwera kudzamusayinira. Pa milandu ikuluikulu monga kupha munthu ndi kuukira boma, apolisi ndi majisitireti alibe mphamvu yopereka belo. Pempho limapita kukhoti lalikulu.

Tsono za inu, bambo. Mukasayina mukulonjeza kuti mlamu wanu azipezeka kukhoti tsiku lililonse la mlandu, ndipo akathawa mudzalipira ndalama imene yalembedwa pa chikalatacho. Khoti lidzakuitanani kuti mufotokoze. Likapanda kukhutira lidzalamula kuti mulipire, mukalephera katundu wanu angagwidwe n'kugulitsidwa, ndipo mungathe kutsekeredwa kumene. Werengani ndalama yalembedwayo musanasayine, mudzifunse ngati munthuyo mumamudziwa mtima. Mukadzaona kuti akukonza zothawira ku Joni, lamulo limakulolani kupita kukhoti kukapempha kuti akuchotseni pa udindowo iye asananyamuke.

Mchimwene wanga ali pa rimandi kundende miyezi isanu pa mlandu woba mbuzi, ndipo mlandu sunayambe. Kodi rimandi ili ndi malire? — Mlongo wake, Kasungu

Ili nawo, kuyambira pamene lamulo la kazengedwe ka milandu linakonzedwa mu 2010. Pa mlandu wozengedwa ndi majisitireti, munthu asasungidwe masiku opitirira 30 mlandu wake usanayambe. Pa mlandu wa kukhoti lalikulu ndi masiku 30 asanautumize kumeneko, kenako masiku 60 utatumizidwa. Pa milandu ya kuukira boma, kupha munthu, kugwirira, kugona ndi mwana ndi kuba moopseza, malire ndi masiku 90. Wozenga mlandu angapemphe khoti kuti liwonjezere, koma masiku owonjezerawo asapitirire 30.

Masiku akatha sindiye kuti mlandu wafa. Chimene chimachitika n'chakuti khoti lingamutulutse pa belo, iye akapempha kapena khoti lokha likaona. Vuto ndi loti fayilo imene palibe akuifunsa imangogona pashelefu. Pitani kwa kalaliki wa khoti limene linamuika pa rimandi, mutenge nambala ya mlandu ndi tsiku limene anaonekera komaliza, mupite nazo ku Legal Aid Bureau. Iyenso angalembe pempho la belo kudzera kwa oyang'anira ndende, kapena kulankhula ndi alangizi a zamalamulo amene amayendera ndende.

Ndinagula foni pamsika kwa mnyamata wina pa K45,000. Patapita milungu iwiri apolisi anandipeza nayo, akuti ndi yakuba. Ndili pa belo ndipo mlandu ukulowa sabata yamawa. Anzanga akuti ndikangovomera, akandichitira chifundo, nkhani ithere pomwepo. Nditero? — Mnyamata wa ku Lilongwe

Achimwene, apa m'pamene anthu ambiri osalakwa amadzitsekera okha kundende, ndiye tifotokoze mwachifatse.

Kugula chinthu chimene chinabedwa si mlandu pakokha. Gawo 328 la Penal Code, lamulo la milandu ya upandu ndi zilango zake, limalanga munthu amene walandira kapena kusunga katundu akudziwa, kapena ali ndi chifukwa choganizira, kuti ndi wakuba, ndipo chilango chake chingafike zaka 14. Mlandu wonse wagona pa kudziwako. Khoti lidzayang'ana mtengo weniweni wa foniyo poyerekeza ndi K45,000 imene munalipira, malo ndi nthawi imene munagulira, ngati munafunsa lisiti kapena bokosi lake, ndi zimene munachita apolisi atakupezani. Foni ya K400,000 yogulidwa K45,000 kuseri kwa msika usiku idzakuvutani kuifotokoza. Foni yakale yogulidwa masana pa benchi pa mtengo woyenera, pali anthu oona, ndi nkhani ina. Palinso mlandu wina wocheperapo, wopezeka ndi katundu amene akuganiziridwa kuti ndi wakuba n'kulephera kufotokoza bwino mmene munamupezera. Mvetserani kuti akuwerengerani uti.

Tsiku la mlandu zidzayenda chonchi. Akuwerengerani mlandu, womasulira aufotokoza m'Chichewa, ndipo akufunsani ngati mukuvomera kapena mukukana. Ngati simunamve bwino nenani, abwereze. Yankho loti "ndikuvomera kuti ndinagula koma sindinadziwe kuti ndi yakuba" pa lamulo ndi kukana mlandu, ndipo majisitireti ayenera kulemba kuti mwakana. Tsoka ndi loti wina chifukwa cha mantha amangoti "ndikuvomera", akutanthauza kuti foni anali nayodi, pamene khoti lamva kuti wavomera zonse kuphatikizapo kudziwa. Mukavomera, wozenga mlandu amafotokoza mmene nkhani inayendera, ndipo amakufunsaninso ngati zimene wanenazo n'zoona. Pamenepo mpata ukadalipo. Ngati pali chimene sichoona, chitsutseni nthawi yomweyo.

N'zoona kuti wovomera mlandu makhoti amamuchepetsera chilango chifukwa sanatayitse khoti nthawi ndipo waonetsa kulapa. Kwa munthu amene analakwadi, ndipo umboni ndi wosakanika, kuvomera ndi nzeru. Koma amene amalonjeza chifundo panja pa khoti si amene amagamula, ndipo gawo 348 la lamulo la kazengedwe ka milandu limati wovomera mlandu kwa majisitireti sangachite apilo yotsutsa kupezeka wolakwa, koma ya kukula kwa chilango kapena ngati chilangocho n'chosemphana ndi lamulo. Dzina loti munapezekapo wolakwa lidzakutsatani pofuna ntchito ndiponso pa mlandu wina uliwonse mtsogolo.

Mukakana, udindo wotsimikizira mlandu uli pa boma, ndipo liyenera kutsimikiza mosasiya chikaiko chomveka. Mboni za boma zimayamba, ndipo iliyonse ikamaliza mumapatsidwa mpata woifunsa mafunso. Anthu opanda loya amalakwitsa pamenepa m'njira ziwiri: ena amayamba kusimba nkhani yawo m'malo mofunsa, ena amati "ndilibe funso" pomwe mboni yanena bodza, ndipo khoti lingaone ngati sanatsutse. Tengani cholembera ndi pepala, lembani chilichonse chimene simukugwirizana nacho, ndipo funsani mwachidule, funso limodzi pa nthawi: "Kodi si zoona kuti mutandifunsa ndinakutengerani pa benchi pamene ndinagula?" Mboni za boma zikatha, majisitireti amaona ngati muli ndi mlandu woti muyankhe. Ngati mulibe, amakumasulani pomwepo. Ngati muli nawo, mungapereke umboni wanu, mungaitane mboni zanu, kapena mungakhale chete. Mboni yanu ikamakana kubwera, pemphani khoti liitumizire samani. Yambani lero kufufuza amene analipo pamene mumagula, ndipo ngati munalipira pa foni, sungani uthenga wa malipirowo.

Mwana wa mchemwali wanga, wa zaka 13, anagwiriridwa ndi bambo wina wa m'mudzi mwathu. Nkhani ili kupolisi. Akubanja kwa bamboyo abwera ndi mbuzi ziwiri ndi ndalama, ndipo malume ake a mwanayo akuti tikachotse mlandu, tikambirane pachibale kwa amfumu. Tingathe kutero? — Mayi aang'ono a mwanayo

Simungathe, mayi, ndipo tikukupemphani kuti musayese. Mlandu wa upandu si wa banja lanu, ndi wa boma. N'chifukwa chake kukhoti amauitana kuti boma likutsutsana ndi uje, ndipo inu ndi mwanayo ndinu mboni. Mphamvu yothetsa mlandu ili ndi mkulu wozenga milandu ya boma ndi amene amagwira ntchito pansi pake. Amfumu ali ndi ulemu wawo pa nkhani za malo, za maukwati ndi mikangano ya m'mudzi, koma alibe mphamvu yozenga mlandu woterewu.

Lamulo limalola kuyanjanitsa anthu pa milandu ing'onoing'ono ya pakati pa awiri, monga kukankhana kapena kumenyana kosavulazana kwambiri, ndipo zimenezo zimachitika khoti likudziwa. Kugona ndi mwana ndi mlandu wa pa gawo 138 la Penal Code, chilango chake chingafike moyo wonse kundende, ndipo kunena kuti mwanayo analola sikupulumutsa munthu. Kulandira katundu kapena ndalama kuti mubise mlandu waukulu ndi mlandunso pawokha. Mbuzizo zibwerere kwawo.

Ngati mwanayo sanapite kuchipatala, apite lero. Mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, koma ngakhale maolawo atadutsa, lipoti la chipatala ndi umboni wofunika ndipo mwanayo akufunika chithandizo. Sungani chilichonse chosonyeza zaka zake, monga buku la kusikelo kapena chiphaso chobadwira, chifukwa boma liyenera kutsimikizira khoti msinkhu wake. Wina akakuopsezani kuti musakachitire umboni, kanenani ku ofesi ya Victim Support Unit kupolisi. Bamboyo akakhala pa belo, khoti lingamulande beloyo.

Amuna anga akufunidwa ndi apolisi ndipo anathawa. Apolisiwo akuti amuna angawo akapanda kubwera anditsekera ineyo kuti iwo adzipereke. — Mayi wa kumpoto

Palibe lamulo lotero. Mlandu ndi wa mwini wake, ndipo munthu amamangidwa pa zimene akumuganizira kuti wachita iyeyo. Zikachitika, abale anu atsate njira zimene tatchula mu yankho loyamba. Chenjerani kokha kuti musanamize apolisi.

Mnzanga wandiopseza kuti andimangitsa chifukwa ndachedwa kubweza ngongole ya K200,000. — Wageni wa ku Mzuzu

Kulephera kubweza ngongole si mlandu wa upandu, ndipo apolisi si otolera ngongole. Mnzanuyo akasume kukhoti ngati nkhani ya pakati pa anthu awiri, kumene khoti lingalamule kuti muzibweza pang'onopang'ono. Zimasintha ngati munatenga ndalamayo mwabodza, monga kumugulitsa puloti imene si yanu. Umenewo ndi mlandu wopeza ndalama mwachinyengo.

Kodi vakabu ikadalipo? — Wakabaza wa ku Limbe

Mu 2017 khoti lalikulu, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa malonda amene anagwidwa m'bandakucha akupita ku geni yake, linagamula kuti gawo 184(1)(c) la Penal Code, limene apolisi ankamangira anthu chifukwa chongopezeka pamalo mokayikitsa, n'losemphana ndi malamulo aakulu. Kuyenda usiku pakokha si mlandu. Wapolisi angakufunseni, koma kuti akumangeni ayenera kukhala ndi chifukwa chomveka chokuganizirani mlandu weniweni, ndipo akuuzeni mlanduwo.

Mdzukulu wanga wa zaka 12 amugwira ataba chimanga m'munda mwa eni. Kodi apita kundende? — Agogo a ku Ntcheu

Sapita kundende, agogo. Mwana wosakwana zaka 10 sazengedwa mlandu konse. Wa zaka 10 mpaka asanakwane 14 amazengedwa pokhapokha boma litatsimikiza kuti ankadziwa kuti zimene akuchita n'zoipa. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limati kholo kapena womulera adziwitsidwe msanga ndipo akhalepo pamene mwana akufunsidwa, asasungidwe m'chitokosi chimodzi ndi akuluakulu, ndipo nkhani yake imvedwe kukhoti la ana, kumene anthu wamba saloledwa kulowa. Pa mlandu waung'ono ngati uwu, kawirikawiri nkhani imapatutsidwa isanafike pozengedwa: mwana amavomera kulakwa kwake, amapepesa, banja limabweza chimangacho, ndipo wa zachisamaliro cha anthu amamuyang'anira. Ana a milandu ikuluikulu ndi amene amatumizidwa kumalo osinthira khalidwe monga Mpemba ku Blantyre ndi Chilwa ku Zomba. Pitani kupolisiko ndi buku lake la kusikelo kapena kalata ya kusukulu, chifukwa mwana wamsinkhu wautali akasowa umboni wa zaka amatha kulembedwa ngati wamkulu.

Amuna anga anakana mlandu woba pantchito koma majisitireti anawapeza olakwa n'kuwapatsa zaka zitatu. Aka n'koyamba kupalamula. Chigamulo chinaperekedwa masiku asanu ndi limodzi apitawo. Tingatani? — Mayi wa ku Zomba

Fulumirani, mayi, mwatsala ndi masiku anayi. Wofuna kuchita apilo kukhoti lalikulu ayenera kupereka chidziwitso cholemba pasanathe masiku 10 chigamulo chiperekedwere, kenako chikalata chofotokoza zifukwa za apilo pasanathe masiku 30. Chidziwitsocho sichifuna mawu ambiri: dzina, nambala ya mlandu, tsiku la chigamulo, ndi mawu oti akufuna kuchita apilo pa kupezeka wolakwa, pa chilango, kapena pa zonse ziwiri. Amuna anu angachipereke kudzera kwa oyang'anira ndende. Masiku akadutsa, khoti lalikulu lingalolebe apilo, koma pokhapokha mutapereka chifukwa chomveka cha kuchedwako.

Apilo si kuzenga mlandu kachiwiri. Jaji amawerenga zimene majisitireti analemba, n'kuona ngati analakwitsa pa lamulo, pa kayesedwe ka umboni, kapena pa kukula kwa chilango. Mboni zatsopano sizimangoitanidwa wamba. Choncho pemphani kwa kalaliki wa khoti zolembedwa za mlandu wonse ndi chigamulo, kuti loya aone pamene pali polakwika. "Ndili ndi ana aang'ono" ndi mawu a nthawi yopempha chifundo chilango chisanaperekedwe. Pa apilo pamafunika mfundo monga yoti ndalama imene akuti inasowa sinatsimikiziridwe ndi mabuku, kapena kuti mboni zinatsutsana pa mfundo yaikulu.

Poti n'koyamba kupalamula, loya ayang'anenso gawo 340 la lamulo la kazengedwe ka milandu. Limati wopalamula koyamba asatumizidwe kundende pokhapokha khoti litaona kuti palibe njira ina yoyenera, ndipo zifukwa zake zilembedwe m'fayilo. Njira zinazo ndi monga chindapusa, chilango choimikidwa chimene munthu amachigwira pokhapokha akapalamulanso m'nthawi imene khoti laika, kapena kugwira ntchito yothandiza anthu kudera kwawo popanda malipiro. Izi sizitanthauza kuti wopalamula koyamba sangamangidwe, makamaka pa kuba pantchito, kumene makhoti amakuona ngati kuphwanya chikhulupiriro cha bwana. Koma majisitireti akapanda kulemba zifukwa, imeneyo ndi mfundo ya apilo.

Dziwaninso kuti pa apilo khoti lalikulu lili ndi mphamvu yochepetsa chilango, kuchisiya momwemo, ngakhale kuchiwonjezera likaona kuti chinachepa. Perekani chidziwitsocho tsopano kuti masiku asakuthereni, ndipo loya akawerenga fayilo akuuzani ngati n'kwanzeru kupitiriza. Popereka, tengani makope awiri, kalaliki adinde chidindo cha tsiku pa onse, imodzi mubwere nayo kunyumba.